Tcheni Cholumikiza ndi Msomali Chinandithetsera Banja

Banja langa linatha chifukwa cha tcheni cha makina ochekera mitengo. Ndikanena choncho ena amaseka, ena amandiyang'ana cham'mbali ngati akuti mayi uyu akubisa chenicheni. Asiyeni aseke. Amene anatsala ndi ana awiri komanso dzina loipa pa msika wa Thuchila ndi ine, ndipo amene anakwera phiri kukatola tchenicho ndi manja ake ndi ine ndemwe. Inu owerenga, makamaka amayi amene amuna anu amagwira makina amenewa, tcherani khutu, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amuna anga, bambo a Esinati, kwawo ndi cha ku Limbuli, koma monga timachitira kuno anadzamanga nyumba kwathu, pa malo a amayi anga kufupi ndi Thuchila. Ntchito yawo inali yocheka matabwa. Zaka zija mapaini a pa Chambe, pamwamba pa phiri, ankadulidwa kwambiri, anawalemba ntchito bambo wina wa ku Limbe amene anali ndi chilolezo komanso makina ake. Ankakwera phiri n'kukagona kumsasa milungu ingapo, ine kuno ndikugulitsa nthochi ndi zinanazi pa msika. Sindiwanamizira ngakhale anandichita zimene anandichitazo. Mowa sankamwa, sanandimenyepo, ana ankawakonda. Matenda awo anali amodzi, manyazi. Ankalolera kugona ndi njala kusiyana n'kunena ndi pakamwa pawo kuti ndalakwitsa.

Ulendo wina anatsika kuphiri atanyamula makina aja. Anati tcheni chatha, mano anoledwa mpaka angotsala tizidutswa. Mwini makina anawatumizira uthenga kuti adikire, abweretsa china kuchokera ku Limbe. Koma wocheka amalandira malinga ndi matabwa amene wacheka, ndiye kudikirako kunkawawawa. Tsiku la msika anatenga tcheni chakale chija n'kukwera basi kupita ku Limbuli, kumene katundu wodutsa malire amangoyalidwa pansi. Anachipezadi chatsopano, chowala, chotchipa. Atachiyerekeza ndi chakale anaona kuti n'chachifupi. Anapita kwa munthu wokonza njinga pamsika pomwepo kuti adule chidutswa cha chakalecho n'kulumikiza. Wokonza njinga uja analibe timisomali ta tcheni chotere, ndiye anadula msomali wamba, kuulowetsa pa bowo, n'kuuphwanya mitu ndi hamala. Zonsezi anandifotokozera okha bambo a Esinati atafika, akudzitama kuti munthu wanzeru sadikira za ku Limbe.

M'mawa mwake anachiika pa makina ine ndikuona, ndili pakhonde kusenda nandolo. Makinawa ali ndi chitsulo chachitali chimene tcheni chimazungulira m'mbali mwake, ife tinkangoti lupanga. Atawaliza, kulira kwake sikunali kuja ndinakuzolowera. Ankamveka ngati munthu akutafuna mpunga wa miyala. Tcheni chinkagwedera uku ndi uku, kenako chinatuluka n'kulendewera. Anachibwezera, chinatulukanso. Anatenga hamala n'kuyamba kumenya m'mbali mwa lupanga kuti apanikize modutsa tcheni, kenako anakhala pansi ndi tupa kumapala tizitsulo tina pa tchenipo. Ndinawafunsa kuti kodi chimenechi n'chakedi cha makinawa? Anandiyankha osandiyang'ana kuti tcheni ndi tcheni, ine ndisamale za nthochi. Ndinatseka pakamwa. Pa zonse zimene zinachitika, chimene ndimanong'oneza nacho bondo ndi kutseka pakamwa kumeneko basi.

Sipanapite nthawi yaitali atakweranso phiri, munthu wina wonyamula matabwa anandipeza pamsika n'kundiuza kuti ndithamangire kuchipatala cha boma. Tcheni chinaduka bambo a Esinati ali mkati mocheka, chinawakwapula dzanja lamanja n'kung'amba kuyambira ku zala mpaka pamkono. Anzawo anawamanga ndi malaya n'kuwatsitsa phiri atawagoneka pa thabwa. Madokotala anayesetsa, koma zala ziwiri zinapita. Nthawi yonse imene anali m'chipatala ndinkagona pansi pa bedi lawo, kuwasambitsa, kuwadyetsa, malonda anga akuola kunyumba.

Atatuluka, chilonda chinayamba kutukusira ndi kutulutsa mafinya. Apa ndi pamene anatulukira alamu anga a Enelesi, achemwali awo aakulu a amuna anga, mayi woti akayamba kulankhula nkhuku zimathawa pabwalo. Anabwera ndi ufa ngati odzazonda matenda, koma anali atanyamulanso mlandu. Inu owerenga a kwina mwina simudziwa. Kwathu kuno akuluakulu amati mwamuna akakhala pa ntchito yoopsa, kuphiri kapena kutchire, mkazi wotsala pakhomo azidzisunga. Akangoyenda ndi mwamuna wina, chitsulo chimamutembenukira mwamuna wake, ndipo chilondacho sichipola mpaka mkaziyo ataulula n'kutchula dzina. A Enelesi anati mchimwene wawo wagwira makina zaka zambiri osakandika n'komwe, nanga lero chavuta n'chiyani? Anali atafufuza kale. Anamva kuti pali bambo wa kabaza amene amandinyamulira madengu a nthochi kupita kumsika. N'zoona analipo, ndipo ankanyamuliranso amayi ena a m'mudzi mwathu, mkazi wake n'kukhala mnzanga wa kwaya. Poyamba ndinaseka, ndinati alamu, ngati kukweza dengu pa njinga n'chigololo ndiye kuti msika wonse wa Thuchila ndi wachigololo. Iwo sanaseke.

Nkhani inafika pamsika ine ndisanafike. Amayi amene tinkasinthana nawo chenje anayamba kusuntha madengu awo pang'onopang'ono. Mkazi wa wakabaza uja anasiya kundipatsa moni, kukwaya n'kumakhala benchi ina. Esinati anabwera kuchokera kusukulu akulira, akuti anzake akumuimba kuti amake anadula zala za bambo ake. A Enelesi anaika mawu awo poyera: ndiulule, sing'anga wawo apange mankhwala, chilonda chipole, banja lipitirire. Ndikakana, amutenga m'bale wawo. Ngakhale amayi anga ondibereka anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti ndingovomera, mawu sapha munthu, akazi ambiri anavomerapo zimene sanachite ndipo mabanja awo alipo mpaka lero. Ndinawauza kuti amayi, munandibereka ndinu, ndimakumverani pa zonse, koma chimenecho ndiye ayi.

Ndinalowa m'nyumba kukawafunsa eni chilonda. Ndinati bambo a Esinati, inu mukudziwa za tcheni chija, bwanji osawauza abale anu? Anatembenukira kukhoma. Ndinachedwa kuzindikira chimene ankaopa. Mwini makina anali atalonjeza kuwathandiza poganiza kuti inali ngozi wamba. Akanamva kuti anaikapo tcheni cholumikiza ndi msomali, iye atanena kuti adikire, thandizolo likanathera pomwepo. Kuwonjezera apo manyazi aja, kuti mmisiri wodziwika phiri lonse anadzipweteka yekha. Anaona kuti bola ndisenze ine.

Ndinapsa mtima. Ndinasiya ana kwa amayi, ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinapita ku Likhubula, poyambira njira yokwerera phiri, n'kutsatira anthu onyamula matabwa amene ankabwerera kumtunda. Ndinakulira m'munsi mwa phiri limeneli koma ndinali ndisanalikwerepo. Mawondo ankakana, chifuwa chikutentha, otsika ndi matabwa pamutu akundifunsa kuti mayi mwasochera kodi. Nditafika kumsasa pa Chambe ndinachipeza tcheni chija chitakolekedwa pa chitsa, chili ndi dzimbiri ndi magazi ouma. Palibe ankafuna kuchigwira, poti mbiri yanga inali itakwera phiri kale. Mnzawo wina wa amuna anga anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako analowa mu msasa n'kunditulutsira lupanga lija ndi kagudumu kena, zimene anali atazichotsa pa makina poti zinaonongeka. Ndinakulunga zonse mu chitenje n'kutsika.

Ndinapita nazo kwa a Zuze, bambo amene amakonza zigayo ndi njinga zamoto pa Thuchila. Iwowa anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique n'kukhazikika, ndipo makina ochekerawa amawatchula kuti motosera. Anayala zitsulo zija pa thebulo n'kundionetsa chimodzichimodzi. Ndikufuna nanunso mumve, poti ine maphunziro amenewa ndinawalipira ndi banja.

Pamwamba pa tcheni pali mano odula, lina loyang'ana kumanja lina kumanzere. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitunda kamene kamaletsa dzinolo kuluma mtengo mopitirira muyezo. Pansi pali timiyendo timene timayenda m'kangalande ka m'mbali mwa lupanga, ndipo timiyendo tomweto ndi timene timakodwa ndi kagudumu ka mano kamene injini imazungulitsa, kaja amati sipuloketi. Zonsezi zimagwirana ndi timisomali take take ta kufakitale, tolimba kutali ndi msomali wokhomera denga. A Zuze anati tcheni kuti chikhale chake cha makina, kutalikirana kwa timisomali tija kufanane ndi mano a sipuloketi, kunenepa kwa timiyendo kudzaze kangalande bwinobwino, ndipo kuchuluka kwa timiyendoto kukwanire kutalika kwa lupanga. China chikangosemphana, ndiye kuti si chake, ngakhale chiwale bwanji. Manambala ake amalembedwa pa lupanga pomwepo, kufupi ndi pamene limalowera m'makina. Anandiuzanso kuti tcheni chogwetsera mtengo ndi chong'ambira matabwa m'litali sizinoledwa mofanana, koma ochekawa ambiri amangoti bola chikudula.

Tcheni cha ku Limbuli chija chinali cha makina aang'ono. A Zuze anachikoleka pa sipuloketi, ndipo ndinaona ndi maso anga timiyendo tikukwera pamwamba pa mano m'malo molowa pakati. Anachiika m'kangalande, chinkavina. Chidutswa chakale chija chinali cha muyezo wina, ndiye tcheni chimodzi chinali ndi mayendedwe awiri. Tizitunda tija amuna anga anali atatipala ndi tupa mpaka kutsala pang'ono kutha, kuti chizidya mtengo msanga. Ndipo pamene chinadukira panali pa msomali paja, theka lake likadali m'bowo litapindika. A Zuze anapukusa mutu n'kunena kuti chodabwitsa n'choti chinachedwa kuduka. Ndinawapempha kuti akanene zimenezi kwa ankhoswe. Anakana, anati iwo ndi obwera, za m'banja la eni salowerera. Koma anandibwerezetsa mpaka ndinatha kufotokoza ndekha.

Tsiku la ankhoswe tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amayi. Kuchimuna kunabwera amalume awo ndi a Enelesi, kwathu achimwene anga amene amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Bambo a Esinati anakhala pampando, dzanja lili m'nsalu. Ankhoswe atandiuza kuti ndilankhule, anthu ankayembekezera dzina la mwamuna. Ine ndinamasula chitenje n'kukhuthula zitsulo pamphasa. Ndinaonetsa zonse monga anandiphunzitsira a Zuze, mpaka ndinawapatsa amalumewo kachidutswa ka msomali kuti agwire okha. Anakayang'anitsitsa m'manja mwawo, ndipo ndinaona kuti zawalowa.

Koma a Enelesi sanagwedezeke. Anati: "Msomali tauona, alamu. Nanga anauuza kuti uduke tsiku limenelo, dzanja lili pomwepo, ndani?"

Pamenepo ndinadziwa kuti zitsulo sizindipulumutsa. Munthu mmodzi yekha ndi amene akanathetsa nkhaniyo. Ndinagwada pamaso pa amuna anga, anthu onse akuona, ndipo ndinati: "Bambo a Esinati, tcheni ichi sichinatuluke pa makina pabwalo pomwe pano, ine ndikuona? Ndinakufunsani kapena sindinakufunseni? Nanga mumtima mwanumo, mukukhulupiriradi kuti ine ndinayenda ndi mwamuna?"

Anayang'ana pansi. Kenako anati: "Ine ndinali kuphiri. Za kuno sindingazidziwe."

Inu owerenga, ndakumanapo ndi zowawa zambiri, koma palibe chinandilasa ngati mawu amenewo. Amalume awo anandifunsa komaliza ngati ndiulula. Achimwene anga ankandikodola ndi maso kuti ndifewe. Ndinaimirira, ndinasasa fumbi m'mawondo, n'kuwauza kuti dzina loti nditchule ndilibe, ndipo sindingapasule banja la munthu wosalakwa kuti ndipulumutse langa. Ngati akufuna m'bale wawo, amutenge. Ndinalowa m'nyumba n'kuwalongedzera zovala amuna anga, ndinazipinda bwinobwino, mankhwala a kuchipatala n'kuika pamwamba. Misozi ndinakalirira kuchipinda, pabwalo sanaione. Anachoka madzulo omwewo, Esinati akuwathamangira mpaka kumsewu.

Chilonda chija chinapola. Chinapola ine osaulula kanthu, atabwerera kuchipatala kukachitsukitsa ndi kubayitsa majakisoni. Kodi mukuganiza kuti alipo anabwera kudzati pepani? Anangosintha nyimbo, akuti sing'anga wawo ndi wamphamvu. Ine pamsika sindinasamuke. Ndinkayala nthochi zanga pamalo pomwe paja osazyolika, wondiyang'anitsitsa nanenso ndinkamuyang'anitsitsa mpaka agule kapena achoke. Madengu ndinayamba kusenza ndekha pamutu kuti bambo wa kabaza uja apume pakamwa pa anthu, poti iye anavutika popanda chimene anadya.

Mvula itagwa n'kutha, tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinawapeza bambo a Esinati ataima kuseri kwa nyumba, ataonda, dzanja lili m'thumba. Analankhula motsitsa mawu ngati munthu wodzaba. Anati akudziwa kuti sindinalakwe, ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo akufuna kubwerera. Sindikubisirani, ndinkawafunabe. Koma ndinawauza kuti matope anandipaka pagulu, ndiye andisambitsenso pagulu. Aitane amalume awo, a Enelesi, achimwene anga ndi banja la wakabaza lija, pansi pa mtengo womwe uja, anene mokweza zimene akundinong'onezazi. Akatero chitseko n'chotsekula. Anavomera, anati abwera nawo Loweruka.

Loweruka ndinasesa bwalo, ndinayala mphasa, ndinapha nkhuku. Ana anasamba n'kuvala zakutchalitchi. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Nkhuku ija tinadya tokha.

Abambo amene mumagwira makinawa, ndikukupemphani. Tcheni chikatha, yang'anani manambala a pa lupanga, ndipo ngati simukuwamva nyamulani lupangalo mukaonetse wodziwa musanagule. Musalumikize mitundu iwiri, ndipo msomali usiyireni denga. Wokonza njinga uja sindimuimba mlandu, anachita zimene amadziwa, koma tcheni cha njinga chikaduka munthu amangotsika n'kuyamba kukankha. Tcheni chikamatuluka pa makina musachikakamize ndi hamala, chikukuuzani kuti si chake. Tizitunda tija amene anatiikapo sanali wopusa. Kudikira kumawawa, ndikudziwa, koma matabwa a mlungu umodzi sangagule chala. Ndipo mukalakwitsa nenani, musamusenzetse mkazi amene ankagona pansi pa bedi lanu.

Nanunso amayi anzanga, musamvere zoti izi n'za amuna. Dzanja likang'ambika, wotsuka mafinya ndi inu, woimbidwa mlandu ndi inunso. Ine ndikanachita makani m'mawa uja, ndikanabisa tchenicho kapena kuchiponya m'chimbudzi, tikanayambana ndithu, mwina akanatha mlungu osandilankhula, koma zala zikanakhalapo. Makani anga ndinawatulutsa mochedwa.

Amayi anga mpaka lero amati ndinataya banja chifukwa chouma mutu. Mwina n'zoona. Esinati tsopano ndi namwali, ndipo tsiku lina tikuchapa anandifunsa ngati ndingawalandire bambo ake atabwera mawa. Ndinamuuza kuti inde, ndiwalandira, ndiwaphikira, bola abwere ndi anthu aja. Mpaka lero sanabwere nawo, ndipo inenso mpaka lero ndilibe dzina loti nditchule.